Amene Anagwetsa Bambo Anga

1

Nkhaniyi ndakhala ndikuyamba kuilemba n'kung'amba, kuyambanso n'kung'amba, kwa zaka ziwiri. Lero ndatsimikiza kuifikitsa kumapeto, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu mukamaliza kuwerenga mulavula malovu.

Dzina langa ndi Enifa. Kwathu ndi ku Domasi, kumtunda kwa mishoni, kumene phiri limaoneka ngati likusuzumira m'mabwalo mwa anthu. Zimene ndikuuzenizi zinachitika mu 1996. Ndinali ndi zaka makumi awiri, mayeso a Fomu 4 anali atandikana, ndipo ndinkangokhala pakhomo kulota za tsiku limene mwamuna wina wake adzabwere kudzandichotsapo.

Pakhomo pathu panali lamulo limodzi loposa onse: bambo asamve nkhani yoipa.

Bambo anga, a Henderson Likaka, anali mphunzitsi wopuma pantchito ndiponso mkulu wa mpingo. Zaka ziwiri m'mbuyomo anawapeza ndi BP, matenda othamanga magazi aja. Amayi atafunsafunsa kwa anzawo a mvano anabwera ndi yankho limodzi: BP ndi matenda a maganizo, munthu asamaganize. Kuyambira tsiku limenelo mbuzi ikafa tinkati taigulitsa. Akuba akathyola chimanga kudimba tinkati sichinabereke. Mwana akadwala ankakalirira kuseri kwa khola. Tinasanduka banja la anthu onong'ona, bambo n'kumakhala pampando wawo wa ndalema pakhonde ngati dzira loikidwa pa thonje.

Munthu mmodzi yekha amene lamuloli linkamunyansa anali alamu anga a Tobias, amuna a achemwali anga a Angella. Anachokera ku Malosa kudzakhala chikamwini pakhomo pathu. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha kumbuyo kwa ya bambo, ndipo ankakonza njinga pa Songani.

"Amayi, BP sithawa kunong'ona," ankatero akusamba m'manja mwa girizi. "Mayi anga ine anagwa akupalira mbatata, akuimba nyimbo. Ankaganiza chiyani? Bambo azipita okha kukayezedwa mwezi ndi mwezi. Njinga ilipo, ndiziwakweza ine."

"Inu a Tobias ndinu adokotala a matayala," amayi ankayankha. "Za anthu zisiyeni."

Bambonso anali ndi mbali yawo. "Ine ndikakhale pabenchi m'mawa wonse pakati pa amayi a sikelo? Ana amene ndinawaphunzitsa a e i o u azindionerera ndikupinda malaya? Mutu sukundiwawa. Enifa, tenga khadi ukanditengere."

Ndiye Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, tsiku la odwala BP ku kachipatala kathu, ndinkanyamuka ndi khadi la bambo kukatenga mankhwala.

2

Kunali pamzere womwewo kumene ndinakumana ndi Oswald, mu Febuluwale. Anabwera ndi malungo, milomo itauma, koma kolala ya malaya ake inali yosita bwino ngati akupita ku ukwati.

"Chemwali, inu mukudwala chiyani?" anandifunsa.

"Sindikudwala. Ndabwera kudzatengera bambo."

"Ndiye chokani pano msanga. Enafe tinabwera ndi malungo okha, koma mukapitiriza kutiyang'ana choncho tibwerera ndi matenda awiri."

Ndinaseka mpaka mayi wina anandicheukira mokwiya. Oswald ankaphunzira pa koleji ya aphunzitsi, chaka chomaliza, kwawo ku Thyolo. Ankalemba makalata papepala la buluu, theka Chichewa theka Chingerezi, ndipo mawu ena ndinkachita kukawafufuza m'dikishonale ya bambo. Kalata iliyonse ndinkaiwerenga mpaka kuiloweza.

Mumvetse, bambo sankalola mtsikana kuyenda yekha. Kutchalitchi ndinkapita ndi amayi, kuchigayo ndi achemwali. Lachinayi lija linali zenera lokhalo m'nyumba yopanda mazenera. Ndikatuluka kuchipatala ndinkatsetsereka kumtsinje wa Domasi, kumunsi kwa mlatho, kumene kuli miyala yosalala ndi mithunzi ya bulugamu. Oswald ankakhala atafika kale ndi Fanta imodzi ndi masikono awiri. Ankandiuza za nyumba ya malata imene boma lidzamupatse pa sekondale ina, ine n'kumaiikira makatani m'mutu mwanga. Ndinali nditasankha kale nyimbo yolowera m'tchalitchi cha mishoni, ndi mayina a ana atatu.

Masiku ena onse a mwezi ndinkangowapirira. Ndinkasesa, kutunga madzi, kunong'ona pamodzi ndi onong'ona, mtima uli kumiyala kuja.

Mu Meyi kuchipatalako kunachitika kanthu kena. Sindikuuzani pano. Ine mwini ndinakasunga miyezi isanu ndi umodzi, inunso mupirire pang'ono.

3

Mu Seputembala kunabwera kalata yochokera ku Bulawayo. Mng'ono wawo wa bambo, a Brighton, amene anapita kumeneko ali mnyamata, anali atamwalira ndipo anaikidwa komweko. Achemwali anawawerengera amayi kudimba. Amayi analira chamumtima, anasamba kumaso m'ngalande, kalatayo n'kuibisa pansi pa nsalu zawo za mvano.

"Aliyense atseke pakamwa," anatero. "Tidzawauza mvula ikagwa, kukazizira."

Patapita mwezi, Lolemba lina m'mawa, ndinkasenda chinangwa pafupi ndi khonde pamene a Tobias ankatulutsa njinga. Bambo anawaitana, envulopu ili m'manja.

"A Tobias, popita ku Songani mundiponyere iyi. Mng'ono wanga uja wakhala chete kwambiri. Ndamulembera kuti Khirisimasi ino abwere, tidzaonane maso tisanafe."

A Tobias analandira ndi manja awiri. Anayang'ana dzina linali pa envulopu, kenaka anayang'ana kukhitchini, kumene amayi anali ataima pakhomo akupukusa mutu mwamphamvu. Anayenda mapazi atatu, n'kuima. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, anabwerera n'kunjuta pamaso pa bambo.

"Bambo, kalata iyi sindingaiponye."

"Chifukwa?"

"Ndikaiponya, inu muzidikira yankho mpaka liti? A Brighton anatisiya, bambo. Anaikidwa mwezi watha. Kalata inabwera."

Mpeni unandigwa m'manja. Bambo sanalire. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, amayi, achemwali amene anali atatuluka ndi mwana kumbuyo, ndi ine.

"Nonse mumadziwa?"

Bambo anapitiriza okha.

"Mbale wanga wawola m'nthaka ine ndikumulembera za Khirisimasi. Ndi zingati zina zimene mwandikwirira?"

Analowa m'nyumba n'kudzitsekera. Masana sanadye. Cha m'ma 3 koloko anatuluka napempha madzi. Ndinawapatsa ndine. Kapu inafika pakamwa, madzi n'kuyenderera m'mbali mwa chibwano, kapuyo n'kugwa. Kukamwa kwawo kunali kutakokekera mbali imodzi. Anafuna kunena kanthu, koma kunangotuluka phokoso, kenaka anapendekeka pang'onopang'ono ngati thumba losatsamiritsidwa bwino.

"Mwawapha!" amayi anakuwa. "A Tobias, mwandiphera amuna anga!"

A Tobias tsiku limenelo sanapite kuntchito. Anawabereka bambo kumsana n'kuthamanga nawo mpaka kumsewu waukulu, kumene anaimitsa matola ya ku Zomba.

4

Ku chipatala chachikulu anawagoneka m'wodi ya abambo. Anamwino aakulu, mayi wonenepa wa mawu osasa, anawamanga lamba pamkono, anapopa, anayang'ana, anapopanso.

"Thu handiredi sate," anatero akutiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Munthu uyu amadziwa kuti ali ndi BP?"

"Amadziwa," amayi anayankha.

"Mankhwala amamwa?"

"Tsiku ndi tsiku. Ndimawapatsa ndekha ndi phala la m'mawa. Sanadumphitsepo."

"Khadi lawo lili kuti?"

Onse anandiyang'ana.

"Latayika," ndinatero. "M'chipwirikiti chija."

Anamwino anapuma mokoka. "Tayang'anani m'wodi muno. Bedi ili, ilo, ilo, ndi abambo agona pansiwo, onsewa ndi BP. Awo ndi mlimi wa ku Jali, sanayezedwepo chibadwire. Awo anasiya mankhwala chifukwa mutu unaleka kuwawa. Awo ankamwa madzi a adyo. Ndimalankhula mpaka mawu kutha, BP sigogoda pachitseko, bwerani tikuyezeni. Koma mumatibweretsera munthu atagwa kale, ndiye mufuna tichite chiyani?"

"Awa sizili choncho ayi," amayi anatero. "Awa agwa ndi mawu a mkamwini."

"Mayi, mawu angakankhe khoma, koma khoma limene limagwa ndi lomwe chiswe chinalidya kale."

Amayi anangopotoza milomo. Zimene sankafuna kumva zinkadutsa pamwamba pa duku lawo.

Bambo anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Anatuluka mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, mawu atatsala ochepa, ndipo aliwonse ankachita kuwakoka ngati chidebe cha pachitsime chakuya. Potuluka anatipatsa mankhwala m'kapulasitiki. Tili m'minibasi amayi anakatsegula, anathira timapiritsi m'dzanja n'kudandaula.

"Taonani, atibwezera tating'ono takale tija. Bwanji osatipatsa akuluakulu aja amabweretsa Enifa? Aja ndiwo anali amphamvu."

A Tobias anali atawafungatira bambo kuti asagwe pampando. Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana panja, minda yopsa ndi dzuwa ikudutsa, mpaka tinatsika pa Songani.

5

Masabata otsatirawo mudzi wonse unaweruza mlandu. Pachitsime, pachigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi, nkhani inali imodzi: mkamwini wa a Likaka wagwetsa apongozi ake ndi uthenga wa maliro. Ena anawonjezera mchere. Akuti anachita dala, akufuna dimba la kumtsinje. Akuti anthu a ku Malosa mumawadziwa inu.

Chonsecho amene ankawanyamula bambo m'mawa uliwonse kupita nawo kubafa anali a Tobias omwewo. Ndiwo ankawameta ndevu, kuwatembenuza pamphasa, kuwaongola zala zofa zija chimodzichimodzi monga anawaonetsera kuchipatala. Amayi ankawalola chifukwa panalibe mwamuna wina wamphamvu, koma moni sankawayankha. Mbale ya a Tobias inayamba kutsukidwa payokha.

Achemwali anaonda. Tsiku lina tikuchapa kumtsinje anandifunsa, "Enifa, iwe ukuona bwanji? Amayi akuti ndisankhe, iwo kapena abambo a ana anga. Amalume akubwera Loweruka ndi ankhoswe."

Ndinapitiriza kumenya nsalu pamwala ngati sindinamve.

Lachinayi ndinanamizira kukagula sopo n'kuthamangira ku koleji. Ndinamudikira Oswald kunja kwa geti mpaka anatuluka, mabuku ali kukhwapa.

"Alamu anga akuwathamangitsa Loweruka," ndinamuuza. "Tiye tikanene chimene tinachita."

"Tinachita?" Anayang'ana uku ndi uku. "Enifa, tsitsa mawu. Ine ndinangonena zimene ndinawerenga m'magazini. Amene anachita ndi iwe."

"Unandiperekeza mpaka pakhomo la golosale!"

"Mayeso anga ayamba sabata ya mawa. Dzina langa likamveka m'nkhani ngati imeneyi, zaka zonsezi zapita m'madzi. Ndipo tamvera, mkamwini kuthamangitsidwa si chinthu chachilendo. Akwiya mwezi umodzi, abwerera. Iwe ukayankhula, ndani adzakukhululukire? Ukhale chete, wokondedwa. Ukuchitira tsogolo lathu."

Anandigwira dzanja mwachangu ngati akugwira mphika wotentha, n'kubwerera m'kati. Ndinaima pomwepo kuyang'ana kolala yosita bwino ija ikulowa m'kalasi. Ndinkafuna kumugenda ndi mwala. Komanso, ndisakunamizeni, mbali ina ya mtima wanga inakondwa kuti wandipatsa chifukwa chokhalira chete.

6

Loweruka m'mawa anayala mphasa pansi pa mango. Amalume a Yoswa, achimwene awo a amayi, ndiwo anali nkhoswe ya achemwali. Kumbali ya a Tobias kunabwera amalume awo okalamba, amene anayenda wapansi kuchokera ku Malosa. Bambo anawasiya m'chipinda, chitseko chotseka, kuti asamve.

Amalume a Yoswa anayankhula nthawi yaitali. Anati mkamwini ndi tambala wobwereka, salira pakhomo pa eni ake popanda chilolezo. Anati banja linaika lamulo lake pofuna kusunga moyo wa munthu, mlendo n'kuliphwanya masana dzuwa likuswa mtengo.

"A Tobias, muli ndi mawu?"

"Ndinawauza zoona," a Tobias anatero, maso ali pansi. "Ngati zoona ndi mlandu, ndalakwa."

"Mwamva nokha, sakupepesa n'komwe. Ndiye ife tikuti nyumba ndi ya ana, isiyeni. Tengani zida zanu za njinga ndi bulangeti lanu. Dzuwa la mawa lisakupezeni pano."

Achemwali anaphimba nkhope ndi chitenje. Mwana wawo wamkulu, wa zaka zinayi, anali atakhala pamiyendo ya abambo ake akusewera ndi batani la malaya awo. Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinangozindikira ndili chiimire.

"Amalume, a Tobias sanawagwetse bambo. Ndine."

Tsopano mverani kanthu ka mu Meyi kaja.

Tsiku limenelo adokotala a pa kachipatala kathu anatsegula khadi n'kupukusa mutu. Anati, "Mtsikana iwe, miyezi itatu tsopano ndikupereka mankhwala kwa khadi. Khadi lilibe mkono. BP imasintha, mwina mankhwalawa akuchepa, mwina akufunika ena. Lero sindikupatsa. Ukawauze abwere okha ndiwayeze." Analemba pakhadipo ndi cholembera chofiira n'kundibwezera.

Ndinafika kumiyala kuja ndikulira. Sindinkalirira bambo ayi. Ndinkadziwa kuti ndikakanena, a Tobias aziwakweza bambo panjinga mwezi ndi mwezi, ndipo Lachinayi langa lithera pomwepo. Oswald anandipukuta misozi n'kuseka. Anati anawerenga kuti azungu amamwa asipirini tsiku lililonse pofuna kuteteza mtima, kuti amasungunula magazi. "Nanga BP si magazi omwewo? Ndipo bambo ako ukuti mutu suwawa."

Tinapita pa Songani. Ndinagula asipirini, ndinawachotsa m'mapepala ake n'kuwathira m'kapulasitiki ka chipatala kaja. Madzulo bambo anawatembenuza m'dzanja nafunsa, "Akula bwanji?" Ndinati asintha, awa ndi atsopano ochokera kunja. Amayi anakondwa. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala sindinapondenso pachipatala. Ndinkapita molunjika kumtsinje, pobwerera n'kudzera kugolosale. Ndipo mwezi uliwonse bambo akadzuka ali bwinobwino, ndinkadziuza kuti Oswald ananena zoona.

Zonsezi ndinazinena pansi pa mango paja, pamaso pa aliyense.

7

Ndinkayembekezera kumenyedwa. Chimene chinabwera chinali choipa kuposa ndodo.

Amalume a Yoswa anaseka. "Mwaona? Mwaona mmene munthu uyu walowerera m'banja muno? Mpaka mwana akudzipachika mlandu kuti amupulumutse. Enifa, n'chiyani chili pakati pa iwe ndi alamu akowa?"

"Achimwene!" amayi anakuwa, koma maso awo anali atayamba kale kuyendayenda pakati pa ine ndi a Tobias. Achemwali anachotsa chitenje kumaso n'kundiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Mankhwala ndi mankhwala," amayi anapitiriza. "Miyezi isanu anali bwinobwino. Anagwa tsiku limene anauzidwa. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa."

Mutu unanditentha. Ndinali nditavula zonse pagulu, ndipo anthuwa ankakondabe bodza lawo kuposa zoona zanga. Ndinathamangira m'chipinda changa, ndinakhuthula sutikesi, khadi lija n'kulipeza pakati pa makalata a buluu pomwe ndinalibisa. Sindinabwerere kumphasa. Ndinalunjika kuchitseko cha bambo.

Amayi ananditsekereza. "Ukufuna uwamalize?"

"Atha kale ndi kubisiridwa, amayi. Ndipatseni njira."

Bambo anali chigonere, maso ali kudenga. Zenera linali lotsegula, ndipo nkhope yawo inandiuza kuti amva zonse. Ndinagwada, ndinawaveka magalasi, khadi n'kuliika m'dzanja lawo lamanzere. Anali mphunzitsi, sanafune womasulira. Anawerenga deti la mu Meyi. Anawerenga mawu ofiira aja, akuti wodwala sanaonedwe, mankhwala sanaperekedwe, abwere yekha. Pansi pake panalibe china chilichonse.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analoza kuchitseko ndi khadilo.

"Pa... nja."

Ndinaganiza kuti akundithamangitsa, koma anadzimenya pachifuwa n'kulozanso. Ankafuna kutuluka. Amalume a Yoswa anayesa kuwadzutsa, analephera. Anachita kuitana munthu yemwe anali atangomuthamangitsa. A Tobias analowa, anawanyamula bambo monga ankachitira m'mawa uliwonse, n'kukawakhazika pampando wa ndalema pamaso pa ankhoswe.

Bambo anaponya khadi pamiyendo ya amalume. Analimbana ndi lilime lawo mpaka thukuta linatuluka pamphumi.

"To... bias. Kha... lani."

Kenaka anadziloza okha. "Ine... ben... chi." Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Tonse tinamva chimene ankatanthauza: iwonso anali ndi gawo lawo, pokana kukakhala pabenchi paja.

Amalume anayamba kukonza pakhosi, kufunafuna mawu obwezera. A Tobias anawadula mwaulemu.

"Bambo, ndamva, ndipo zikomo. Koma ndinene. Za mapiritsiwa ndinazidziwa tsiku lija m'minibasi. Ndinakhala chete chifukwa ndinkafuna ndione ngati pakhomo pano pali munthu mmodzi amene anganene zoona popanda kukakamizidwa. Wapezeka, patatha masabata atatu mbale yanga ikutsukidwa payokha ngati ya wakhate. Ndipo atanena, mwandipatsa mlandu wina wonyansa kuposa woyamba, pamaso pa mkazi wanga ndi mwana wanga. Mawa mbuzi ikadzafa mudzati ndine. Ndikupita kwathu. Angella, sindikukukakamiza."

Achemwali anayang'ana amayi, anayang'ana bambo. Anadzuka, anamanga mwana kumbuyo, n'kulowa m'nyumba yawo kukalongedza. Kwa ine sananene liwu ndi limodzi lomwe.

8

Papita zaka ziwiri. Nyumba ya njerwa ija tikusungiramo chimanga. Achemwali ali ku Malosa, ndipo mwana wawo wachitatu ndinamuona koyamba akuyenda kale. Oswald anakhoza mayeso, ndinamva kuti anamutumiza ku sekondale ina kumpoto. Kalata ya buluu sinabwerenso.

A Tobias amabwera kamodzi pamwezi. Amapalasa kuchokera ku Malosa, amaima pamsewu pomwe pathera mpanda wathu n'kuliza belu. Pabwalo salowa. Ine ndimawatulutsa bambo pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, a Tobias amawakweza pakaliyala, n'kumakankha njinga wapansi mpaka kuchipatala. Bambo amakhala pabenchi pakati pa amayi a sikelo ndipo sadandaula. Ulendo wachitatu bambo anakakamiza amayi anga kuti atiperekeze, nawonso akapinde mkono wa bulauzi. BP yawo inapezeka yokwera kuposa ya bambo ya tsiku limenelo, munthu woti mutu sunamuwawepo. Tsopano amamwa tating'ono tomwe tija, ndipo mchere m'ndiwo ndimathira ndine, pang'ono, ngakhale amandinena kuti ndikuphika ngati kundende.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndinagulitsa mkono ndi mwendo wa bambo anga, ndi banja la achemwali anga pakhomo pathu, pogula masana asanu pamiyala ya kumtsinje. Koma ndisanalakwe ine, tonse tinali titalakwa kale. Tinkayesa kuti tikuchiza munthu pomubisira dziko, pamene chimene ankafunika chinali lamba uja pamkono, mwezi ndi mwezi, ndi mapiritsi ake enieni tsiku ndi tsiku, mutu uwawe kapena usawawe. Ngati kwanu kuli munthu wa BP, musamutengere mankhwala ngati mukukagula shuga. Mutengeni iyeyo. Ndipo poti mwafika kale, pindani mkono wanu nanunso.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mudzi wathu sunaphunzirepo kanthu. Sabata yatha ndinali pachigayo, ndipo kutsogolo kwanga mayi wina ankalangiza mnzake amene amuna ake angowapeza ndi BP. "Chachikulu musamawauze zoipa," ankatero. "Simunamve za a Likaka? Anagwa ndi uthenga wa maliro." Ndinawagwira paphewa. Ndinati ayi, ine ndine mwana wawo, sizinali choncho, ankamwa asipirini miyezi isanu. Chigayo chinali chikulira. Ndinakuwa kachiwiri, ufa ukundilowa m'kamwa. Mayiyo anamwetulira, anagwedeza mutu ngati wamva, n'kutembenukira kwa mnzake kupitiriza pomwe analekezera.

Pano palibe chigayo. Inu mwandimva?